Ragu wa a Bulazala Gayetano

1970: Ntchito yanga yoyamba

Ana anga, za ubwana wanga mukafunse azakhali anu, amazidziwa kuposa ine. Ine ndiyambira pa ntchito. Nditakhoza mayeso a JC, bambo analibe fizi yoti ndipitirize sukulu, choncho ndinachoka kwathu ku Magaleta n'kukalembedwa pa mishoni ina ya Akatolika m'mapiri a Neno. Ntchito yanga inali yosunga katundu m'sitolo. Masiku amenewo Neno inali isanakhale boma payokha. Msewu unali wadothi, ndipo mvula ikakhazikika galimoto imakwera mapiri aja mwa mwayi.

Bwana wanga anali a Bulazala Gayetano, Mtaliyana wamfupi wa zikhatho zazikulu. Sanali wansembe. Ankayang'anira munda, khola, chigayo ndi khitchini, ndipo zala zawo zinali zakuda ndi girisi nthawi zonse, kupatula Loweruka. Chichewa ankachilankhula bwino, koma aliyense wochepera msinkhu wawo ankamutchula kuti iwe, ndipo tinazolowera.

Chitseko cha sitolo chinkayang'anizana ndi cha khitchini. Wophika wakale atanyamuka ulendo wa kumigodi ku Joni, a Bulazala anandipeza ndili pansi ndikusankha nyemba zofumbwa m'thumba. Anaima n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Bonifasi, wayamba liti?"

"M'mawa, a Bulazala."

"Sunatope?"

"Ndatopa, koma thumba silinathe."

"Mawa ubwere kukhitchini."

Agogo anu atamva anakhumudwa. Anati sanagulitse mbuzi zawo kuti mwana akaphunzire kutsuka miphika ya azungu. Inenso manyazi ndinali nawo. Ndinalowa m'khitchini muja ndi mtima woti ndingogwirizira mpaka wophika wina apezeke, koma ndinakhala momwemo mpaka ndinapuma pa ntchito.

1972: Loweruka limene ndinaphunzira

Kwa zaka ziwiri ndinkaphika zonse kupatula chinthu chimodzi. Loweruka lina lililonse nyama ya ng'ombe ikapezeka, a Bulazala ankasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, n'kunditulutsa, n'kutseka chitseko. Ankaphika okha chakudya cha kwawo chimene ankachitcha ragu. Ndi msuzi wa nyama wokhuthala, umene amathira pa timizere ta ufa wa tirigu ndi mazira, tofanana ndi supageti koma tophwatalala. Ine ndinkangomva kununkhira kwake ndili m'sitolo. Loweruka lina chitseko sanatseke, ndipo anandipatsa mpeni.

Ndilemba pano momwe anandiphunzitsira, chifukwa ena mwa inu mumaphika ragu ngati mukuthawa mvula.

Choyamba ndi nyama. Ine ndinkadziwa kuti mzungu amafuna nyama yofewa ya kumsana. Iwo anasankha ya khosi ndi ya mwendo, ya mitsempha, imene ogulitsa amakupatsa mokondwa. Anati yofewa ikakhalitsa pamoto imasanduka udzu, koma ya mitsempha ndi imene imasungunuka n'kukhuthalitsa msuzi. Tinaiduladula ndi mpeni mpaka inakhala ngati mphale. Mafupa tinawaika mumphika wina pambali kuti aziwira okha. Kenako anyezi, karoti ndi selari, masamba ena onunkhira amene mbewu yake anachokera nayo kwawo n'kuibzala m'mphepete mwa ngalande. Zonsezi tinazidula tizidutswa tonga mpunga. Ndikasiya chidutswa chachikulu ankachitola n'kundionetsa.

Mphika unali wachitsulo, wa miyendo itatu, wolemera moti munthu mmodzi kuunyamula amapuma panjira. Anayamba ndi nyama ya nkhumba ya mafuta, n'kuisiya isungunuke. Kenako anathira anyezi, karoti ndi selari zija. Ine ndinagwada kuti ndikupize makala.

"Iwe! Ukuotcha njerwa?"

"Ndimati zipse msanga, a Bulazala."

"Msanga ukupita kuti? Anyezi asade. Afewe, awale, atsekemere. Akada ndiye kuti wayamba ndi kuwawa, ndipo kuwawa sikuchoka."

Nyama italowa ndi pamene anandilola kusonkhezera moto. Poyamba inatulutsa madzi ambiri, n'kuoneka yotuwa, yosakopa. Ndinafuna kuthira matimati monga timachitira kwathu. Anandigwira dzanja. Anati ndimvere ndi makutu. Madzi ali momo mphika umabwata. Akaphwa, phokoso limasintha, umayamba kuthetheka, ndipo nyama imafiira n'kumata pansi. Zomata pansizo anati ndiye chuma chonse, bola zisapserere. Anathira kapu ya vinyo n'kukanda pansi ndi mthiko mpaka zonse zinamasuka, n'kudikira kuti fungo la mowa lithe. Atatero ananyamula jagi ya mkaka wa m'khola lathu.

"A Bulazala, mkaka m'nyama?"

"Ndi mlandu?"

"Kwathu angati mwayamba misala."

"Ukalawe madzulo, ukandiuze wamisala ndani."

Mkaka unalowa n'kuphwa. Matimati anabwera pomaliza, osenda, osefa, ndipo ochepa kuposa mmene ndinkaganizira. Anati uwu ndi msuzi wa nyama, matimati ndi alendo. Kenako anafwatula makala ambiri n'kukwirira otsala ndi phulusa, n'kuika chivundikiro mopendeketsa kuti nthunzi izituluka. Mphika unakhala chete. Patapita kanthawi thovu limodzi linatumphuka pakati, n'kuphulika, kenako lina chakumbali.

"Basi, pamenepo. Uzipuma ngati munthu wogona. Ukayamba kulankhula, chepetsa moto. Ukasiya kupuma, onjezera khala limodzi. Ukauma, chipande chimodzi cha msuzi wa mafupa, osati madzi ozizira. Mchere udikire kumapeto. Ndipo usachokepo."

Ndinakhala pa mphika uja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linapendeka. Sindinaonepo chinthu chotere. Ndinali nditaona ndi maso anga chilichonse chimene chinalowa, zinthu za kumsika ndi za m'munda mwathu momwe. Koma pofika masana karoti sinkaonekanso, anyezi anali atasowa, mkaka unalibe chizindikiro. Mtundu unachoka pa kufiira kwa matimati n'kufika pa kufiira kwa dothi lonyowa la m'mapiri athu. Mafuta owala anakwera n'kukhala m'mphepete. A Bulazala anati ndicho chizindikiro choti wapsa. Anandipatsa supuni. Ndinalawa. Sindinathe kulekanitsa kuti apa ndi nyama, apa ndi anyezi. Zonse zinali chinthu chimodzi chimene sichinalipo m'mawa. Palibe amene anathiramo chachilendo. Chimene tinaonjeza ndi kukhala pansi n'kudikira.

"Amayi anga ankayamba belu loyamba lisanalire," anatero. "Ankatha anthu akubwera ku Misa ya masana. Sindinawaonepo atakweza moto."

Za kwawo anandiuza zokhazo m'zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito.

1980: Zaka zosowa

Chakumapeto kwa 1979 njanji za ku Mozambiki zinasokonekera ndi nkhondo, ndipo petulo ndi dizilo zinasowa. Lole ya mishoni imene inkapita ku Blantyre kukatenga katundu inayamba kukhalitsa m'shedi. Mafuta ophikira anatha, ufa wa buledi unatha, vinyo wotsala anali wa Misa yekha, ndipo ameneyo palibe ankamuganizira n'komwe. Palafini naye anavuta, moti firiji yathu, imene inkayendera palafini, tinaizimitsa n'kumasungamo mbale.

Ragu sanaleke. A Bulazala anafulula vinyo wa mapichesi a kuseri kwa tchalitchi. Anali wowawasa moti sankamweka, koma mumphika ankagwira ntchito. Mafuta tinkasungunula a nkhumba zathu. Matimati akachuluka tinkawaphika mpaka akhuthale n'kuwayanika padzuwa m'matereyi. Tirigu tinkagula kwa alimi a kumtunda cha ku Nsambe, ndipo chigayo chikaima chifukwa cha dizilo, azimayi ankatiperera pamphero. Ufa wake unali wotuwa, wokhakhala, koma ukakanya ndi mazira n'kusalaza ndi botolo mpaka upyapyale, timizere tinkatuluka. Chimene sichinasinthe ndi moto.

Zinalinso zaka zoti munthu sulowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani. Langa ndinali nalo, la mayi anu linalipo. Amalume anu a Dayitoni, mlongo wawo wa mayi anu, anali mtsogoleri wa anyamata a chipani m'dera lathu. Musawaganizire zoipa. Anali munthu wa nthabwala, ndipo tinkanyozana monga amachitira alamu. Koma akavala malaya ofiira aja sankayenda okha.

1981: Tsiku la msonkhano

M'nyengo yozizira ya chaka chimenechi a Bulazala anadwala malungo aakulu. Sisitere Agnesi, amene ankayendetsa kachipatala ka mishoni, analimbana nawo mpaka kutentha thupi kunatsika. Koma munthu sanadzuke. Anasiya kudya. Tinayesa phala, tinayesa msuzi wa nkhuku, tinayesa tiyi wa mandimu. Ankangotembenuza mutu. Zikhatho zija zinatsala mafupa okhaokha pamwamba pa bulangeti.

Asisitere ananditengera pakhonde n'kundiuza mosabisa. "A Bonifasi, malungo atha. Chimene chikuwapha pano ndi njala. Msewu wa ku Blantyre sangaupirire. Akapanda kudya sabata ino, tiwaika."

Ndinamva kuti ogulitsa ena akweza ng'ombe kuchokera ku Matope, ndipo aipha Lachinayi madzulo pamsika. Ndinapita pa njinga n'kukagula khosi ndi mafupa. Firiji inali yozima, choncho nyama inayenera kulowa mumphika Lachisanu m'mawa, apo ayi iwonongeke, ndipo ng'ombe ina sitinkadziwa kuti idzaphedwa liti. Koma Lachisanu lomwelo kunkabwera nduna pabwalo la sukulu. Lamulo linali lodziwika. Magolosale atsekedwe, makasu asiyidwe, aliyense woyenda ndi miyendo yake akakhale pabwalo. Bambo mfumu wamkulu wa mishoni anapita ndi aphunzitsi ndi ana onse. Asisitere okha ndi amene ankaloledwa kutsala chifukwa cha odwala, ndipo m'chipatala munali mayi wina amene anali atayamba kumva kupweteka kwa kubereka.

Ndinayatsa makala kusanache bwino, ndikudzinamiza kuti mwina kukhitchini sadzafikako. Mkaka unali utaphwa, matimati atalowa, ndikukwirira makala ndi phulusa, pamene ndinamva mapazi.

"Odi kukhitchini kuno! Alamu, mukudikira kuti nduna idzakutengeni ndi galimoto yake?"

Anali a Dayitoni, kumbuyo kwawo kuli anzawo awiri amene sindinkawadziwa bwino.

"Lowani, alamu. Ndili ndi mphika pamoto."

"Phulani. Mudzapitiriza madzulo."

"Muli mkaka. Ndikaphula pano osapsa, pofika madzulo usasa."

"Ndiye sonkhezerani upse msanga. Tikudikirani. Moto wanuwu ndi woyatsira fodya, osati wophikira."

"Ukapsa msanga si umenewo."

Anasuzumira mumphika n'kuseka. "Kodi ndi nyama ya njovu? Mlongo wanga amaphika ng'ombe ife tikusamba, tikamatuluka yapsa."

"N'chifukwa chake mano anu akutha, alamu."

Mmodzi wa anyamata aja sanaseke. Anafunsa kuti mphikawo utha nthawi yanji. Ndinamuyankha zoona, kuti dzuwa likapendeka. Ndinafotokoza kuti a Bulazala sakudya, ndi zimene Asisitere ananena. Iye anati wodwala ali ndi Asisitere, ine si dokotala. A Dayitoni anandikokera pakona ya nkhuni n'kutsitsa mawu. Nthabwala zinali zitatha.

"Alamu, mukundiika pamoto. Ndikanakhala ndekha bwenzi sindinakuoneni. Awa ali ndi maso, ndipo pakamwa ali napo. Mukudziwa kumene anthu amapita pa nkhani zotere. Mlongo wanga ndikamuuza chiyani, mimba ili apo?"

Ndinayang'ana mphika. Thovu linatumphuka, n'kuphulika. Ndinaganiza za inu, Tereza ndi Pio, muli aang'ono, ndi za mayi anu ali ndi pakati pa Luka. Ndinaganizanso kuti mwina a Bulazala akananso ngati anakanira zina zonse, ndiye ndikhala nditataya banja langa chifukwa cha mphika wa nyama. Sindikuuzani kuti ndinalimba mtima. Kungoti ndinadziwa kuti ndikachoka makala azima kapena pansi papserera, ndipo china choti ndiyese panalibe.

"Pitani, alamu. Mukanene zimene mwaona. Musaonjezere."

Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kutuluka.

Tsiku lonse ng'oma ndi nyimbo za azimayi zinkamveka kuchokera kubwalo. Ine ndinali pampando wanga, khala limodzi, chipande chimodzi. Ndinakanya ufa, ndinasalaza, ndinadula timizere. Mantha anali pomwepo, koma mumphika zinthu zinkachitika monga mwa nthawi zonse, osafulumira chifukwa cha nduna kapena chifukwa cha ine. Kununkhira kunadzaza khonde n'kulowa m'zipinda. Mafuta atakwera ndinathira mchere, ndinawiritsa timizere, ndinasakaniza pang'ono m'mbale yaing'ono n'kupita nayo.

A Bulazala anatsegula maso ndisanafike pabedi. Asisitere anawadzutsa n'kuwatsamiritsa pa pilo. Ndinawapatsa ndi supuni. Anasunga chakudya chija m'kamwa nthawi yaitali, n'kumeza. Analandiranso kachiwiri. Kenako misozi inatsika, ndipo anatembenukira kukhoma.

Ndinabwerera kukhitchini ndi mbale yodzaza. Ndinauza Asisitere kuti mphika asautaye, aziuwiritsa m'mawa ndi madzulo ndi msuzi wa mafupa pang'ono, pamoto wochepa, kuti usawonongeke. Ndinawauza chifukwa ndinkadziwa kuti mawa lake sindidzakhalapo.

Anyamata a chipani ananditenga m'mawa, mayi anu akusesa pabwalo. A Dayitoni sanali m'gulu limene linabwera. Anandiperekeza kupolisi ya kuboma, n'kunditsekera m'kachipinda pamodzi ndi munthu wina woba mbuzi. Wapolisi amene ankandifunsa anali bambo wachikulire wa imvi m'ndevu.

"Tsiku la msonkhano munali kuti?"

"Kukhitchini, bwana."

"Mumatani?"

"Ndimaphika nyama."

"Tsiku lonse? Bambo, pezani bodza lina. Ili ndi lochepa."

Ndinayamba kumufotokozera, kuyambira pa khosi la ng'ombe. Ndinafika pa anyezi, pa madzi ophwa, pa zomata pansi. Anali atasiya cholembera, chibwano chili m'dzanja.

"Ndiye matimati amalowa nthawi yanji?"

"Pomaliza, bwana. Ochepa."

Anakumbukira ntchito yake n'kukwinya nkhope. Anati nkhani yanga si yake, idikira akuluakulu a chipani, ndipo iwo akanena kuti ndinanyoza msonkhano dala, anditumiza kutsogolo. Aliyense ankadziwa tanthauzo la kutsogolo. Anthu ankapita n'kukhala zaka popanda kuweruzidwa. Ndinakhala m'kachipinda muja masiku angapo. Belu la mishoni silingamveke kuboma, komabe ndinkatchera khutu, ndikuyembekeza kuti wina abwera kudzanena za maliro.

Tsiku lina masana anatsegula chitseko n'kunditcha dzina. Ndinaganiza kuti galimoto ya kutsogolo yafika. Anandilowetsa mu ofesi. Pabenchi la alendo panali a Bulazala Gayetano. Buluku anali atalimanga ndi chingwe chifukwa lamba analibe bowo lowakwana. Asisitere anali atawagwira pamkono, ndipo pafupi ndi chitseko panaima Bambo mfumu ndi wapampando wa chipani wa dera lathu, chipewa chili m'manja. Ndinaima ngati ndaona mzukwa.

Wapolisi uja anati a Bulazala afotokoza kuti ndinali pa ntchito yosamalira wodwala, ndipo wapampando wavomera kuti umboni wake wauona ndi maso, mmene wodwalayo waondera. Anandichenjeza kuti ulendo wina ndizikapempha chilolezo tsiku lisanafike, n'kundibwezera nsapato zanga.

Panja Asisitere anandinong'oneza mmene zinayendera. M'mawa umene ananditenga, a Bulazala anafunsa kuti bwanji Bonifasi sanabwere ndi tiyi. Atauzidwa kuti anditenga, anati awabweretsere mbale ija. Anadya m'mawa, anadya madzulo, mawa lake anapempha yowonjezera. Atangotha kuima ndi ndodo analamula kuti dizilo wa chigayo athiridwe m'galimoto. Anakhala nafe zaka zina zambiri pambuyo pake, ndipo Luka anabatizidwa iwo ataima pambali.

Ndinawakweza m'galimoto ndi manja anga. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Iwo anandigwira pamkono, ndipo ndinamva kuti zala zija zayambanso kufinya.

"Bonifasi," anatero, "mphika uja watha. Kwera."